Raketi ya Mkamwana

Lusekelo, Tusayiwe ndi iwe Mpoki, izi ndalembera inu. Ndalemba m'Chichewa, osati m'chiyankhulo chathu cha ku Misuku, kuti ana anu obadwira ku Lilongwe adzawerenge okha. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho pamene ndalakwitsa mukonze, musaseke. Chaka chatha ndinapuma ntchito ku ofesi ya zankhalango, ndiye nthawi ndili nayo. Za ubwana wanga sindilemba, zinali ngati za aliyense kwathu: kuthyola khofi, kusenza nthochi, kutunga madzi kumunsi kwa phiri. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa badimintoni ndinaipeza ku ntchito, ndipo malemu bambo anu ndinawapeza mu badimintoni.

Ku Mughese, chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali ku nazale ya mitengo, m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Tinkathira dothi m'machubu, kufesa, kuthirira ndi kupalira. M'mawa nkhungu inkatsika mpaka zala kuuma, osamva chubu chimene wagwira. Bwana wathu anali a Kamwendo, munthu wa ku Mulanje, wonenepa, woseka ndi thupi lonse. Anabwera ndi katundu wochepa, koma m'katundumo munali maraketi ndi neti yokulunga m'thumba la feteleza. Anayesa kusewera panja ndi aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, koma mphepo ya kwathu mukuidziwa. Kanthenga kaja, kamene ena amati shato, ukakamenyera kumpoto kankakagwera m'munda wa nyemba kum'mawa. Ndiye anapempha alimi a khofi kuti aziwabwereka nyumba yosungiramo matumba pa miyezi imene inkakhala yopanda kanthu.

Ine ankandituma kukasesamo ndi kujambula mizere ndi laimu. Nyumbayo inali yotakasuka, koma denga lake linali lalifupi, moti munthu wamtali akadumpha ankakhudza mtanda ndi raketi. A Kamwendo anaika lamulo lawolawo, lakuti kanthenga kakagunda mtanda kapena malata, mufuule kuti "Denga!", masewero aime, muyambirenso. Pofuna kuti masewero asamaimeime, onse ankamenya chapansipansi, kanthenga kakudutsa mokhula neti. Ine ndinkaonera ndili pakhomo, tsache lili m'manja, ndipo ndinkayesa kuti dziko lonse amasewera choncho.

Tsiku lina mphunzitsi mmodzi sanabwere, anatsala atatu. A Kamwendo anayang'ana uku ndi uku, maso awo anagwera pa ine.

"Iwe Edina, taponya tsachelo, gwira ichi."

"Bwana, ine sindidziwa."

"Ntchentche ikatera pa mbale yako umachita nayo chiyani?"

"Ndimaimenya, bwana."

"Basi, ukudziwa kale. Lowa."

Anandiika mbali imodzi ndi mlonda wa nkhalango, mnyamata wa miyendo ngati nsungwi, dzina lake Wedson, amene anadzakhala bambo anu. Mawu oyamba amene bambo anu anandiyankhula pa dziko lino ndi awa: "Achemwali, inu imani kutsogolo pafupi ndi neti. Zodutsa pamwamba panu ndi zanga. Musatembenuke kundiyang'ana, ndingakubooleni diso." Ndinati mumtima, munthu wamwano uyu. Koma ndinamvera, ndipo tsiku lomwelo tinagonjetsa bwana ndi mphunzitsi wake. A Kamwendo anakhala pansi thukuta lili kamukamu, akuseka, n'kunena kuti, "Awiri awa musadzawasiyanitse. Wina ndi chitseko, wina ndi loko."

Vuto lathu lalikulu linali tinthenga. Tinkachokera kutali, kwa munthu amene wapita ku Mzuzu kapena ku Tunduma ku Tanzania, ndipo kamodzi tinkasewera nako mpaka kuthothoka. Tinaphunzira kukafukiza pa nthunzi ya ketulo kuti nthenga zifewe, zisathyoke msanga. Zikathyoka ndithu, ndinkazula za bakha wa amayi anga, kuzidula ndi lumo, kusomeka ndi kumanga ndi ulusi. Kanthenga kotero kankauluka ngati kaledzera, koma kanatiphunzitsa kukhala maso.

Chaka cha ukwati wathu

Ng'ombe za malowolo zitaperekedwa ndinalowa m'banja la bambo anu, ndipo apa ndifotokoze bwino chifukwa ana anu sazidziwa. Kwathu mkazi wokwatiwa pamudzi timati mkamwana, ndipo mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Sayang'ana nkhope yawo, satchula dzina lawo, sawapatsira chakudya. Akawaona akubwera panjira amapatukira kutchire, n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Iwonso samuyang'ana. Pakakhala mawu, amadzera mwa apongozi aakazi, ngakhale onse atatu ali pa khonde limodzi. Mabanja ena anali atayamba kale kuzisiya, koma la bambo anu linkasungabe. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo ine ndinakulira momwemo. Mpaka lero dzina la agogo anu sindilemba pano, mukulidziwa nokha.

Agogo anuwo ankakonza njinga pansi pa mtengo pa msika wa ku Misuku. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, koma nsapato zawo ndinkazidziwa, chifukwa maso anga ankakhala pansi: zakuda, zosokedwa ndi waya kuchidendene. Ulusi wa raketi yanga utaduka, bambo anu anawatengera. Iwo anaitanitsa ulusi wa mbedza ku Karonga, n'kuluka raketiyo monga ankachitira masipoko, kukoka pang'ono, kugogoda ndi chala, kumvetsera kulira kwake, kukokanso. Kuyambira pamenepo maraketi athu onse ankaluka ndi iwo. Tikapita kumudzi ine ndinkakhala kuseri kwa khitchini, n'kumva akuyankhula ndi agogo anu aakazi, a Nakabaghe, mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

"Nakabaghe, uza mkamwana kuti akumenyera m'mphepete. Ulusi ukudukira malo amodzimodzi. Azimenyera pakati, zala zanga si zachitsulo."

Ine kuseriko ndinkayankha n'kuthokoza m'chiyankhulo chathu kuti, "Amayi, auzeni kuti ndamva. Ndagha."

Agogo anu aakazi ankangopitiriza kusenda nthochi, osabwereza mawu a aliyense, poti tonse tinali titamvana kale.

Amene sankakondwa anali alamu anga aakulu, a Lameck, mkulu wawo wa bambo anu. Tsiku lina anafunsa pa gulu kuti, "Wedson, ng'ombe zathu zija zinapita kuti tipeze mkazi wa pakhomo, kapena wodumphadumpha pamaso pa amuna ndi siketi yaifupi?" Bambo anu anati, "Akulu, musade nkhawa. Akamadumpha ine ndimakhala kumbuyo kwake, ndimalondera bwino kuposa nkhalango." Anthu anaseka, a Lameck sanaseke. Ine ndinadziwa kuti pamudzi paja ndikukhala chifukwa mwambo ndikuusunga wonse, ndipo tsiku limene ndidzaphonye, a Lameck adzakhala akudikira.

Ku boma, Lusekelo akuyamwa

Anatisamutsira tonse ku Chitipa boma. Ine ndinakhala wosesa ndi mesenjala wa mu ofesi, bambo anu ankayang'anira matabwa ndi makala olandidwa pamsewu. Tinkasewera mu holo ya tchalitchi, imenenso denga lake linali lalifupi, ndipo lamulo la a Kamwendo tinapita nalo. Bwana amene tinam'peza kumeneko dzina lake ndilisiya. Titapempha masiku oti tipite ku mpikisano wa dziko lonse ku Lilongwe, anatiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Boma silikulipirani kuti muzithamangitsa nthenga za bakha." Tinagwirizana naye kuti tizigwira ntchito ya Loweruka nyengo yonse yodzala mitengo, iye atipatse sabata. Sanakhulupirire kuti tikwanitsa. Tinakwanitsa.

Masiku amenewo msewu wa ku Karonga unalibe phula. Tinakwera pamwamba pa lole ya nyemba, iwe Lusekelo uli kumsana, maraketi nditawakulunga m'bulangete ngati mwana wachiwiri. Titalowa mu holo ya ku Lilongwe ndinaima kaye pakhomo. Denga linali kutali ngati mitambo, magetsi ali mbee, pansi poterera ngati mbale. Masewero athu oyamba anali ndi banja lina la ku Blantyre. Tinayamba bwino, iwo osazolowera liwiro lathu. Kenaka mwamuna uja anatapa kanthenga n'kukaponya m'mwamba kwambiri, kupitirira pamene mtanda wa kwathu ukanakhala. Ndinamva kumbuyo kwanga mawu akulu: "Denga!" Bambo anu anatambasula dzanja n'kukagwira ngati akuwakha chitsononkho cha chimanga.

Woimbira anafunsa kuti, "Mwatani, bambo?"

"Kakwera kwambiri, tiyambirenso."

"Kagunda chiyani?"

Bambo anu anakweza maso. Kumwambako kunalibe chilichonse. Holo yonse inagwa ndi kuseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka titasiya kusewera, anthu a badimintoni ankatitchula kuti a Denga a ku Chitipa. Adani athu ataona kuti zam'mwamba sitizidziwa, anangoti zonse m'mwamba, ife khosi kuwawa, kanthenga kakusowa m'magetsi. Tinagonja mochititsa manyazi.

Pobwerera, titafika ku Kasungu, bambo anu anati, "Mayi a Lusekelo, iwo aja zam'mwamba akuzidziwa, koma zapansi zathu zija zimawaotcha. Ife tikaphunzira zawo, iwo aphunzira kuti zathu? Nyumba ya khofi alibe." Ndiye tinayamba kudzuka m'mamawa mphepo isanayambe, kupita pa bwalo la sukulu kukaponyerana m'mwamba mpaka dzuwa litatuluka, kenaka ku ntchito. Chaka chotsatira tinapambana chigawo cha kumpoto. Patapita zaka zina tinatenga chikho cha dziko cha osewera awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo tinachitenganso kachiwiri. Mphoto zake sizinali zolemeretsa munthu. Wailesi ija munkamvera muli ana, ndi matawulo aja obiriwira, zinachokera kumeneko.

Pakati pa zaka zimenezi bambo anu anawatumiza ku Chisenga, kunsi kwa mapiri a Mafinga, ine n'kutsala ku boma ndi ana. Lachisanu lililonse ankapalasa njinga kubwera, Loweruka tisewere, Lamulungu tikapemphera abwerere. Anthu ankati banja lathu likugwiridwa ndi neti. Mwina sankanama kwenikweni. Koma njinga ija ndi kudumpha kuja zinawadya bondo lakumanja, ndipo linayamba kutupa akasewera.

Chaka chimene Tusayiwe anayamba sukulu

Akuluakulu a masewerowa analengeza kuti asankha awiri okha, mwamuna ndi mkazi, oti akaimire dziko ku Zambia. Pamapeto tinatsala ife ndi achinyamata awiri a ku Blantyre, ndipo anati masewero osankhirawo achitikire ku Chitipa konkuno, mu holo ya sekondale, kuti anthu a kuno awaone. A chipatala anali atawauza kale bambo anu kuti bondo lija chaka chimenecho n'chomaliza. Tonse tinkadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso.

Pa nthawiyo tinali ndi bwana watsopano, Mayi Chisale a ku Zomba, amene anali asanathe ndi chaka chomwe kuno. Anali munthu wabwino. Ankatipatsa nthawi yokonzekera, anatigulira tinthenga tatsopano, ankatinyadira kwa alendo. Atamva kuti maraketi athu amaluka ndi mkulu wina wokonza njinga ku Misuku, anaganiza zotichitira chinthu chosangalatsa. Osatiuza, anatumiza galimoto ya ofesi kukatenga agogo anu onse awiri, ndipo a Lameck anakwera nawo. Agogo anu aamuna ankayesa kuti akathokozedwa panja n'kukhala pansi pa mtengo. Koma atafika anawagwira dzanja mwaulemu, kuwalowetsa, kuwakhazika pa mpando wakutsogolo penipeni, pafupi ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe.

Ine ndinavala siketi yanga yosewerera m'kalasi ina, ndinatenga raketi, ndinafika pa khomo la holo. Munali modzaza, ana a sukulu mpaka m'mawindo. Monga mwa chizolowezi maso anga anayamba pansi, ndipo pa mzere wakutsogolo ndinaona nsapato zakuda zosokedwa ndi waya. Ndinabwerera chambuyo mpaka kukagunda khoma la kuseri.

"Bambo a Lusekelo, abambo ali mkatimo."

Bambo anu anasuzumira, nkhope yawo inagwa. Mayi Chisale anatipeza pomwepo akumwetulira. Titawafotokozera anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndimati ndikusangalatseni. Ndikawapemphe atuluke?" Bambo anu anapukusa mutu. Munthu wamkulu amene wakhazikidwa pa ulemu pamaso pa boma lonse sungam'dzutse kuti mkamwana adutse. Ndipo akanadzuka okha n'kutuluka, anthu onse a kwathu akanamva kuti anyansidwa nane. Woimbira anatumiza mawu akuti tikapanda kulowa msanga, a ku Blantyre apambana osasewera.

Bambo anu anakhala pa njerwa, akusisita bondo. "Tiyeni tisiye," anatero. "Ndinena kuti bondo lakana. Palibe amene adzatitsutse, latupadi."

Ndinawayang'ana. Munthu uyu anapalasa njinga zaka zonse zija kuchokera ku Chisenga chifukwa cha tsiku limeneli, ndipo anali wokonzeka kulitaya kuti ine ndisapeze mlandu kwawo. Ndikanavomera, palibe akanandinena. Ndikanalowa chilowereni ndi siketi ija, a Lameck akanapeza chimene ankadikira, ndipo ukwati wanga ndi inu ana anga mukanakambidwa pa bwalo. Ndinati, "Dikirani pompano. Kunama ayi. Ndikawafunsa eni ake."

Ndinabwereka zitenje ziwiri kwa amayi ogulitsa mandasi pakhomo. China ndinamanga m'chiuno mpaka kumapazi, china ndinafunda kumutu. Ndinalowa chokwawa m'mbali mwa khoma, anthu akudabwa, mpaka pamene panakhala agogo anu aakazi, kumbuyo kwa amuna awo. Ndinagwada nditafulatira mpando wa agogo anu aamuna. Ndinayankhula m'chiyankhulo chathu, mokweza kuti zimveke.

"Amayi, ndili ndi mawu opita kwa eni mudzi. Sindinadziwe kuti abwera. Ntchito imene ndabwerera pano siigwirika ndi chitenje kumutu. Akati ayi, ndipita kunyumba, ndipo sindidzadandaula. Akati inde, ndivula zitenjezi. Ndikudikira iwo."

A Lameck anayankha msanga kuti, "Zofunsa zimenezi? Manyazi alibe?" Koma agogo anu aamuna anatsokomola, n'kuwadula mawu.

"Nakabaghe, tafunsa mkamwana. Ulusi ndinakoka sabata yatha uja waduka kale?"

"Amayi, auzeni kuti ulipo, sunagwire ntchito."

"Nanga zala zanga ndinazipwetekeranji?"

Ndinamva mpando ukukokedwa pa simenti. Pambuyo pake anthu anandiuza mmene zinaonekera: agogo anu anaimirira, ananyamula mpando wawo, anautembenuza, n'kukhalanso pansi atafulatira bwalo, akuyang'ana khamu la anthu, chipewa chili pa bondo. Mlendo wolemekezeka uja anawafunsa kuti, "Madala, masewero ali uku, mukuyang'ana kuti?" Iwo anati, "Bwana, inu onerani ndi maso. Ine raketi imeneyo ndinaluka ndekha, ndiidziwa ndi makutu." A Lameck anadzuka n'kutuluka.

Ndinavula zitenje, ndinalowa. Za masewerowo ndikumbukira zochepa. Gawo loyamba anatenga a ku Blantyre. Lachiwiri tinatenga ife. M'gawo lomaliza ndinkamva kupuma kwa bambo anu kumbuyo kwanga, ndi phazi limodzi likukoka, ndipo ndinadziwa kuti zam'mwamba sangadumphirenso. Ndiye ndinayamba kudula chilichonse pa neti chisanawafike, ngakhale zimene zinali zawo. Mtsikana wa ku Blantyre anayesa kundidutsitsa chapansi, osadziwa kuti chapansi ndiye kwathu. Ndikamenya bwino ndinkamva mawu a munthu wamkulu kutsogolo kuja akuti, "Eya, pakati!" Kanthenga komaliza ndinakagwetsera pa mapazi a mnyamata uja. Ana a sukulu analumpha m'mawindo. Ine ndinathamangira zitenje zanga.

Ku Zambia tinapita. Tinapambana masewero oyamba, achiwiri tinagonja, ndipo bambo anu sanaseweranso mpikisano. Koma anavala malaya a dziko lawo, ndipo chithunzi chija chili pa khoma ndi cha ulendo umenewo. Kumudzi a Lameck anafuna kuti ndilipe mbuzi chifukwa chovula pamaso pa apongozi. Agogo anu anangoti iwo sanaone kanthu. Nkhaniyo inagona, koma sinafe.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

Mpoki unali Sitandade 3. Bambo anu anagwa ku ntchito, mbali imodzi inauma, ndipo sabata isanathe anapita. Izi mukuzikumbukira, sindizilemba zambiri, dzanja limakana. Tinawaika ku Misuku. Patatha mwezi abale anasonkhana kuti akambe za nyumba ya ku boma imene tinamanga, za ana, ndi za ine. Amuna anakhala m'nyumba ya agogo anu. Ine ndinakhala kuseri kwa khoma ndi amayi ena, chitenje chakuda kumutu, ndikumva zonse pa windo.

A Lameck anayankhula nthawi yaitali. Anati mkazi uyu ndi wa ku boma, wa masewero, sanakhalepo wa pamudzi pano. Anati Chitipa yonse inamuona atavula pamaso pa abambo. Anati ng'ombe zinapita, choncho ana ndi a pano, nyumba ndi ya pano, iye abwerere kwawo akadumphe bwino. Ena anavomereza. Ine ndinalibe pakamwa pa bwalo limenelo. Ndinkangowerenga mumtima mayina anu atatu.

Agogo anu anali atafooka kwambiri ndi maliro, mawu awo anali aang'ono. Ndinamva akuti, "Nakabaghe, kaitane mkamwana. Alowe muno."

Agogo anu aakazi anafunsa kawiri ngati amva bwino. Kenaka anabwera kudzandigwira dzanja. Ndinalowa chokwawa, ndinagwada pakhomo nditafulatira. M'banja lathu apongozi aamuna angathe kuthetsa mwambo uja pom'patsa mkamwana mphatso pamaso pa abale, koma ine ndinali ndisanaonepo zikuchitika. Ndinamva chinthu chofewa chikuikidwa pambali panga. Linali bulangete lawo lija limene bambo anu anawagulira ku Zambia.

"Edina."

Aka kanali koyamba kumva dzina langa pakamwa pawo.

"Edina, chotsa chitenje kumutu. Tembenuka, undiyang'ane."

Ndinatembenuka. Ndinayamba ndi nsapato, kenaka mawondo, kenaka manja a zipsera za masipoko. Nditafika pa nkhope ndinalephera kudzigwira, chifukwa inali nkhope ya bambo anu, mphuno yomweyo, makutu omwewo, itakalamba mmene iwo sanakalambire.

Agogo anu anati, "Lameck, iwe unatuluka mu holo muja, ine ndinatsala. Uyu anabwera chokwawa kudzandipempha, boma lonse likuona, pamene akanatha kungolowa. Ndipo Wedson atayamba kukoka mwendo, ndinamva ndani akugwira ntchito ya anthu awiri. Mwana wanga mmodzi wapita. Kuyambira lero uyu si mkamwana, ndi mwana wanga, ndipo mwana wanga sachotsedwa pa nyumba yake. Amene ali ndi mawu ena ayankhule ndikadali moyo."

A Lameck ankayang'ana pansi. Ine misozi inali ikungotsika, agogo anu akundiyang'anitsitsa, mutu atapendeketsa. Kenaka anati, "Nakabaghe, kodi munthu wake ndi wamfupi chonchi? Mmene ankadulira ulusi wanga muja, ine ndinkayesa chimphona."

Ndikudziwa kuti ankanama, sakanalephera kundiona chapatali zaka zonse zija. Koma agogo anu aakazi anayamba kuseka, azakhali anu anatsatira, mpaka ine ndemwe ndinaseka ndikulira. Kunali kuseka koyamba pamudzi paja chiikireni maliro.

Masana amenewo ndinawathirira madzi osamba m'manja ndekha, ndinawapatsira tiyi ndi dzanja langa. Analawa, n'kundiyang'ana m'maso, n'kunena kuti shuga wachepa. Ndinawonjezera. Lolemba ndinabwerera ku boma ndi inu nonse atatu, m'nyumba ino imene ndikulemberamo.